Jezi ya Sharp pa Lizulu

Mulu wa zotsala

Munali mu June, kuzizira kuja kwa pa Lizulu koti olo uvale majuzi awiri mphepo imakupezabe m'mafupa. Ndinapita kukathandiza azakhali pa geni yawo ya kaunjika chifukwa mwana amene amakhala nawo anali ku maliro ku Bembeke, nde ntchito yanga inali yongoponya maso kuti pasapezeke wosolola kanthu belo likangodulidwa. Amene munaonapo belo la majekete likutsegulidwa nthawi yozizira mukuchidziwa chipwirikiti chake. Azimayi opikula akukokerana, wina wapanikiza majekete anayi kukhwapa, wina akukuwa kuti ilo ndagwira kale ine, azakhali ali pakati ndalama zili m'chitenje maso ali ponseponse.

Dzuwa lisanafike paliwombo zowala zonse zinali zitapita. Majekete ofufuma onyezimira aja, ooneka ngati sanavalidwepo. Kunatsala mulu umene azakhali amati za kumunda, zosuluka, zolemera, zachikale, kuphatikiza zotsala za mabelo am'mbuyo zomwe amangozikhuthulira pamodzi kuti zipite motchipa.

Ndiye kunatulukira mnyamata wina, kachikwama kumsana, kalankhulidwe kongoonetseratu kuti ndi wa ku Lilongwe. Tebulo la zabwino analidutsa osaliyang'ana nkomwe, nkukagwada pa mulu wa zotsala. Chovala chilichonse ankayamba wachitembenuza kunja nkukhala mkati, kufufuza kalebulo, kuyang'ana msoko, ena nkuwajambula pafoni. Anakhalitsapo mpaka ine ndinayamba kumukayikira. Pomaliza anaunjika pambali jezi yofiira ya Manchester United yolembedwa SHARP pachifuwa, ya kazipi pakolala, jinzi yosuluka m'mawondo, jekete la bulawuni lokhakhala ngati chiguduli, ndi jekete lina lakuda lachikopa.

"Masteni, zonsezi zingati?"

Azakhali anatchula mtengo, iye nkupisa m'thumba pompo osanenerera olo pang'ono. Apa mpamene azakhali anadzidzimuka, chifukwa munthu wosanenerera pa kaunjika ndiye kuti pali chimene waona chomwe iwe mwini katundu sukuona.

"Achimwene, tandiuzani chilungamo. Zatsopano mwazisiya apo, zakutha izi mukukatani nazo?"

Anaseka, nkunena kuti jezi iyi ndi yaikulu kuposa iyeyo, ndi ya nthawi imene United inatenga zikho zitatu mu 1999, ndipo ku Ulaya alipo anthu amene amazisaka. Anatsegula foni nkutionetsa ina yofanana nayo ikugulitsidwa mu mapaundi. Ine nditawerengera mu makwacha ndinangoti kukamwa yasa. Azakhali sanatekeseke kwenikweni, anangoyang'ana foni ija, nkuyang'ana mulu wake uja, kenako nkusololamo jekete lachikopa.

"Ili lisiyeni, si chikopa ichi."

"Iyayi masteni, taonani lebulo."

"Lebulo ndi yanu inu odziwa kuwerenga. Tabwera nalo kuno iwe."

Ndinawagwirira jekete, iwo nkupinda kolala, nkukanda kunsi kwake ndi chikhadabo. Kachikhungu kakuda kanamatuka, pansi pake panaoneka nsalu yoyera. Mnyamata uja anakhala chete kaye, kenako anati koma masteni ndinu dolo, nkulibweza pamulu.

Zimenezi zandikhala m'mutu mpaka lero. Anthu awiri pa mulu umodzi, wina akudziwa chaka chimene chovala chinasokedwa ndi mtengo wake ku London, wina akudziwa ngati chovalacho chiwoloke chisanu cha chaka chino. Onse akunena zoona, koma ndalama zambiri akupita nazo ndi wa foni uja.

Zala za azakhali

Azakhali sukulu analekezera ku pulayimale koma pa nsalu simungawanamize. Ndakhala ndikuwaonerera ndipo chinthu choyamba sayang'ana nkomwe, amagwira. Amafinya nsalu m'dzanja nkutaya, ikabwerera bwinobwino amagwedeza mutu, ikakhala yoterera mozizira ngati yonyowa amadziwa kuti ndi pulasitiki basi. Kenako amaikweza kudzuwa. Pamene pakudutsa kuwala kwambiri ndiye kuti pathetheka, pang'ambika pa kuchapa kwachiwiri.

Malo amene chovala chimayambira kufa amawadziwa pamtima. Malaya ndi pakolala, kukhwapa ndi kumapeto kwa manja. Thalauza ndi jinzi ndi pakati pa miyendo ndi m'matumba. Juzi ndi m'zigongono komanso m'munsi mwake, ikatamuka m'munsimo siibwereranso. Siketi ya lasitiki amaikoka pafupi ndi khutu, ikamalira tetete ndiye kuti lasitiki inauma kalekale. Msoko amaukoka mbali zonse ziwiri kuti aone ngati ukuseka mano. Zipi amaitsitsa ndi kuikweza kangapo, ndipo akaona zilembo za YKK mtima umakhala pansi, olo sadziwa kuti ndi kampani ya ku Japan, amangoti zipi za zilembo zitatu sizivuta.

Pa majuzi mpamene anthu ambiri timapusitsika. Kuno kwathu, makamaka Dedza amene ali pamwamba pafupifupi mamita 1,600, juzi si ya fasho, ndi yoti upulumukire nkhungu ya m'mawa ndi mawawa aja osatha. Juzi ya ubweya weniweni wa nkhosa imafunditsabe olo itanyowa pang'ono, pamene ya acrylic, ulusi wapulasitiki, imaoneka yonenepa bwino patebulo koma ukangoichapa kawiri yatuluka timibulu thupi lonse, ndipo ukayandikira nayo mbaula imasungunuka nkukumatirira pakhungu. Akakayikira, azakhali amasolola kaulusi kamodzi kumsoko wamkati nkukayatsa ndi machesi. Ubweya umanunkha tsitsi lopsa ndipo phulusa lake limafumbutuka ukalitikita. Thonje limayaka ndi fungo la pepala. Zapulasitiki zimakhwinyata nkusanduka kampira kolimba kakuda. Musakayese zimenezi pa katundu wa eni osapempha, mungakwapulidwe pamsika.

Chikopa ndiye mwamva kale. Chenicheni chimalemera, chimanunkha chikopa, m'mphepete modulidwa mumaoneka timaubweya, ndipo chikakalamba chimachita makwinya koma osasupuka. Chabodza chimayamba kuyoyoka pakolala ndi m'mapewa, ndipo chikayamba palibe polishi amene angachiletse.

Banga amaligawa pawiri. La dothi, la chakudya, la fumbi la mu belo, limenelo ndi la sopo ndi dzuwa. Koma chikasu cha kukhwapa, inki, dzimbiri, ndi madontho akuda a nkhungu, zimenezo ndi zokhalitsa ndipo mtengo uyenera kutsika basi.

Zomwe mnyamata uja ankawerenga

Tinasinthana manambala tsiku lomwelo, ndipo zambiri ndaphunzira pocheza naye pa WhatsApp, zina ndachita kusaka ndekha pa intaneti bando ikakhalapo. Anyamata a vintage, osaka zovala zakale zamtengo, sayamba ndi kulimba, amayamba ndi funso loti chinthuchi ndi cha liti.

Poyambira posavuta ndi dzina la dziko. Ukaona Made in West Germany ndiye kuti chinasokedwa 1990 isanadutse, chifukwa Germany inagwirizananso chaka chimenecho. Czechoslovakia inatha kumapeto kwa 1992. Made in Yugoslavia, Made in USSR, nkhani yake ndi yomweyo, mayiko kulibenso koma majekete awo akadali pa Lizulu. Lebulo ya St Michael, imene imapezeka kwambiri m'mabelo a ku UK, inali ya sitolo ya Marks & Spencer ndipo anasiya kuigwiritsa ntchito mu 2000. Azakhali nditawauza anati iwo St Michael amaidziwa kalekale, masiketi ake satha, amayi a mvano amaikonda.

Matisheti amayang'ana kumapeto kwa mkono. Akale ambiri, mpaka chapakati pa zaka za m'ma 1990, anali ndi mzere umodzi wa ulusi, pamene a masiku ano ali ndi mizere iwiri. Tisheti ya mzere umodzi, yosuluka bwino, ya chithunzi cha gulu loimba kapena mpikisano wina wakale, kwa iwo ndi chuma. Kwa azakhali ndi chokolopera.

Jinzi ya Levi's ili ndi nkhani yaitali. Kansalu kofiira kaja ka pathumba lakumbuyo, 1971 isanafike dzina linkalembedwa ndi zilembo zazikulu zokhazokha, LEVI'S, kenako anasintha nkuika e wamng'ono. Ukapinda mwendo nkuona kuti msoko wakunja uli ndi mphepete yolukidwa bwino yoyera ya kamzere kofiira, imene amati selvedge, pa jinzi za mtundu wa 501 zimenezo zinapitirira mpaka chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Made in USA nayo ili ndi msika wake popeza mafakitale awo a ku America anatsekedwa cha m'ma 2003. Koma apa pofunika kudekha, kampani yomweyo inayambanso kuika E wamkulu pa majinzi ena atsopano, nde chizindikiro chimodzi sichikwanira, umayenera kuona lebulo yamkati, mabatani ndi nsalu yomwe ngati zikugwirizana.

Jekete lokhakhala lija linali Harris Tweed. Mkati muli lebulo ya kampira kokhala ndi mtanda pamwamba. Nsalu imeneyi imalukidwa ndi anthu m'makomo mwawo pa zilumba za Outer Hebrides ku Scotland, ndipo kuli lamulo la 1993 loteteza dzinalo kuti wina asangolitenga. Apa pokha mpamene mnyamata uja ndi azakhali amagwirizana kotheratu, chifukwa ndi lakale komanso ndi lolimba moti likhoza kukwirira mwini wake. Kachizindikiro ka Woolmark, kooneka ngati kampukutu ka ulusi, kanayamba mu 1964 ndipo kamasonyeza ubweya weniweni.

Majezi a mpira ndiye osavuta kwa ife okonda English Premier League, kampani ya pachifuwa imakuuza yokha. Sharp pa Manchester United ndi 1982 mpaka 2000. JVC pa Arsenal ndi 1981 mpaka 1999. Carlsberg pa Liverpool ndi 1992 mpaka 2010, ukaona Candy kapena Crown Paints ndiye wabwerera m'mbuyo kwambiri. Ndipo wosoka ayenera kugwirizana ndi nthawi yake. United inavala Umbro kuyambira 1992 mpaka 2002, nde ukapeza jezi ya Sharp koma ili ndi chizindikiro cha Nike, ingoseka nkuisiya.

Feki nayenso amakalamba

Vuto ndi loti majezi akale omwewa akusokedwanso masiku ano, ambirimbiri, ndipo ena amagulidwa ku Ulaya konko, kuvalidwa, kutayidwa, nkudzafika kuno mu belo atasuluka kale. Kupezeka mu kaunjika sikutanthauza kuti chinthu ndi orijino. Ine kale ndinkamva anthu akuti za mu belo sizikhala feki, bodza limenelo.

Feki amagwidwa mkati. Kunja amayesetsa, koma ukatembenuza umapeza ulusi uli lendelende kuseri kwa baji, lebulo yochapira ilibe kapena zilembo zake ndi zolakwika, nsalu ndi yopepuka monyanya. Majezi a Nike ndi Adidas a zaka za 2000 kubwera kuno amakhala ndi kalebulo kakang'ono mkati ka nambala, ukailemba pa Google imayenera kukutulutsira jezi yomweyo. Ikatulutsa nsapato kapena jezi ya timu ina, wadziwa.

Koma pali china chimene ndimatsutsana nawo anyamata a vintage, ndipo ndimamuuza mnzangayo. Iwo akangoona dzina lalikulu nzeru zimathawa. Jekete lachikopa chabodza lija linali ndi lebulo yooneka bwino ndipo akanapita nalo ku Lilongwe nkukaligulitsa kwa munthu wina modula, nkumuyoyokera pamapewa mwezi usanathe. Chakale sichikhala chabwino nthawi zonse. Ulusi umawola, lasitiki imauma, njenjete zimaboola ubweya timabowo tosaoneka mpaka utaukweza kudzuwa. Tisheti ikhoza kukhala ya 1992 yeniyeni koma ukaikoka pang'ono nkungoti phwee. Amene akugula kuti akaipachike pakhoma zimenezo alibe nazo ntchito. Koma iwe ukugula kuti uvale pa kabaza mbandakucha kuchokera ku Tsangano, funsa zala osati foni.

Belo la masiku ano

Azakhali amati mabelo akale unkatsegula nkupeza pafupifupi chilichonse ndi chogulitsika. Pano theka likhoza kukhala tinsalu topyapyala ta fasho ya msangamsanga, tosokedwa kuti tivalidwe kangapo nkutayidwa. Akuchokera komweko anthu akugula zotchipa zambiri, nde zotayidwa zawonso ndi zotchipa.

Komanso tisamaganize kuti zovalazi amangozilongeza mwachisawawa. Zisanapanikizidwe mu belo la makilo 45 zimadutsa m'manja mwa osankha, ndipo zabwino kwambiri komanso za vintage amazipatula komweko nkukazigulitsa m'masitolo a ku Ulaya. Zimene zimatsika pa doko la Beira nkudzalowa ndi mathiraki pa boda ya Dedza zasefedwa kale. Jezi ya Sharp ija inangowapulumuka. Nde amene akulota kuti alemera ndi kusaka chuma mu kaunjika adziwe kuti ndi mwayi wa apo ndi apo, si za tsiku lililonse.

Mtengo wa belo ndiye osanena. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 zinthu sizinabwererenso, ndipo mukukumbuka mavenda a kaunjika atakhamukira ku Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe mu February 2025 kukadandaula nkhani yomweyi. Belo umagula osaona mkati, likakuwotcha lakuwotcha, mpamba wapita. Nchifukwa chake zimandiwawa kuti mu belo loti mayi wagula ndi ngongole ya banki m'khonde, chovala chimodzi chimene chikanabweza kagawo kabwino ka ndalamazo chimapita pa mtengo wa chokolopera chifukwa choti palibe anamuuzapo.

Nanga zathu

Chodabwitsa nchoti tikuphunzira kulemekeza zakale za eni pamene zathu tikukolopera. Agogo aamuna ambiri a kuno ku Ntcheu anapita ku Joni pa Wenela kukagwira ntchito m'migodi nkubwerako ndi majasi olemera, zipewa, mabulangete. Kwathu kunali jasi lotero ndipo linathera m'munda likuopseza mbalame. Zitenje za David Whitehead zopangidwa ku Blantyre konkuno, za nkhope ya Kamuzu zimene ankavala amayi a mbumba, za nthawi ya referendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994, za Papa John Paul II atabwera mu 1989, zonsezi ndi mbiri yathu yolembedwa pansalu. Olo mathalauza a azimayi ali ndi nkhani, paja lamulo la kavalidwe la 1973 linkawaletsa mpaka linachotsedwa mu 1993.

Sindikuti zimenezi zili ndi msika ngati wa Levi's. Ndikungoti musanadule chitenje cha agogo kuti chikhale nkhata, chitambasuleni kaye muwerenge zolembedwapo ndi za m'mphepete mwake.

Chikwama cha pansi pa tebulo

Pano azakhali ali ndi chikwama cha shangani pansi pa tebulo. Belo likadulidwa, chilichonse cholemera mwachilendo, cha lebulo yachikale, kapena jezi ya mpira yosuluka, amaponya m'menemo osaika pamulu. Madzulo mwana uja amajambula kutsogolo, kumbuyo ndi lebulo nkunditumizira, ine nkuona zimene ndingathe, zina nkutumiza ku Lilongwe. Zambiri zimapezeka kuti si kanthu, zimabwerera pamulu. Zina zimapitadi pa mtengo wabwino, ndalama nkubwera pa Airtel Money, katundu nkukwezedwa minibasi. Ndipo anyamata a tizikwama kumsana akabwera masiku ano, azakhali amayamba awonerera kaye chimene agwiritsitsa, mtengo nkutchula pambuyo. Mmodzi anadandaula kuti masteni mwayamba kudhula, iwo anati achimwene munandiphunzitsa ndinu nomwe.

Koma chikwamacho chili ndi malire ake. Mtengo wa mapaundi uja uli ku London, ndipo pang'ono pokha ku Area 47 ndi ku Namiwawa kumene kuli ana ovala zakale mwadala. Pa Lizulu wogula ndi mlimi amene wagulitsa kachewere ndi kabichi, akufuna chofunda cha mwana, za 1999 alibe nazo ntchito. Katundu akakhalitsa m'chikwama ndi ndalama yogona, ndipo azakhali sangadikire miyezi itatu kuti mwina wina wa pa Instagram aikonda pamene belo lina likufunika Lolemba.

Mwezi wathawu anapezanso Harris Tweed ina, yabwino kuposa yoyamba ija, mabatani onse alipo, mkati mosang'ambika. Ndinawauza kuti asunge ndipeze munthu. Wa ku Lilongwe anati saizi ndi yaikulu, wina anati atumiza ndalama kumapeto kwa mwezi nkuzima. Nditaimba foni kuti ndapeza wachitatu, azakhali anati iwe, ndagulitsa kale dzana kwa bambo wina wa njinga yamoto amene amanyamula anthu njira ya ku Tsangano, pa mtengo wa jekete wamba nkuonjezerapo pang'ono. Ndinayamba kudandaula, iwo anandidula nkundifunsa ngati ndalama yotsala ya belo ndiwapatsa ndine.